Nyimbo Yovuta pa Chionetsero: Tikumukweza Mwana Kapena Tikumugwetsa?

Aliyense wophunzitsa ana limba ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa kapena Machinjiri amafika pa mphambano imodzi tsiku la chionetsero likamayandikira. Chionetserocho mwina n'chotsekera teremu, mwina n'cha Khrisimasi mu holo ya mpingo, mwinanso ndi kamwambo kamene mphunzitsi wakonza yekha kuti makolo aone kumene ndalama zawo zikulowa. Funso limakhala limodzi: mwanayu adzayimbe nyimbo iti? Ya msinkhu wake, imene angayimbe ngakhale atatsinzina, kapena yovuta, imene anthu adzaimirire akaikhoza koma adzamumvere chisoni akasokonekera?

Aphunzitsi agawikana pawiri pankhaniyi, ndipo mbali iliyonse ili ndi mfundo zosati n'kuzinyozera. Chimene chimasowa pamkanganowu n'chakuti onse amanena za "nyimbo yovuta" ngati kuti kuvuta n'kumodzi, ndiponso ngati kuti mwana wa ku Chinseu ndi mwana wa ku London amayeserera pa chida chofanana.

Mwana wake ndi uti, limba lake ndi liti?

Limba lidalowa m'dziko muno ndi amishoni. Anthu a ku Scotland amene adakhazikitsa mishoni ya Blantyre mu 1876, ndi kumanga tchalitchi cha St Michael and All Angels pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, adabweretsanso kalembedwe ka nyimbo ka solofa, kamene John Curwen adakafalitsa ku Britain m'zaka za m'ma 1800. Solofa idamera mizu m'makwaya athu mpaka lero. Zotsatira zake n'zakuti tili ndi anthu ambiri amakutu akuthwa, otha kugwira mawu anayi a nyimbo atangoimva kawiri, koma ochepa kwambiri otha kuwerenga manotsi olembedwa pamizere isanu, amene nyimbo za piyano zimalembedwera.

Mwana wophunzira limba m'madera athuwa nthawi zambiri amayambira kutchalitchi. Chida chake ndi kiyibodi ya Yamaha kapena Casio ya makiyi 61, yofewa pokanikiza, kawirikawiri yopanda chopondera chotalikitsa mawu. Piyano yeniyeni ili ndi makiyi 88, olemera, amene amalira mokweza kapena motsitsa malinga ndi mmene chala chawagundira. Kiyibodi ya mpingoyo imakhala yokiyidwa m'kabati, kiyi ali ndi wapampando wa kwaya, ndipo mwana amaigwira pokhapokha akuluakulu akamaliza pulakatisi. Akapeza mpata, magetsi akhoza kuthima. Tonse tikukumbukira mmene zidakhalira namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Kugula chida chakechake kudafikanso patali kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, poti zida zonsezi n'zoitanitsa kunja.

Ndiye pamene mabuku a kunja akunena kuti nyimbo yakutiyakuti imatheka m'miyezi itatu, amaganizira mwana wokhala ndi piyano pabalaza, woyeserera tsiku ndi tsiku. Kwa wathuyu miyezi itatu yomweyo ikhoza kukhala maola ochepa chabe okhudza makiyi.

Zimene ofuna nyimbo zovuta amanena

Mfundo yawo yoyamba njakuti luso silikula pamene munthu akubwereza zimene amadziwa kale. Pamenepa akatswiri a maphunziro ali kumbali yawo. Kafukufuku wotchuka wa Anders Ericsson ndi anzake, amene adatuluka mu 1993 atafufuza oyimba vayolini ndi piyano ku Berlin, adaonetsa kuti opambana ndi amene adathera nthawi yochuluka akuyeserera mwadala pofuna kukonza zimene zikuwakanika. Kuseweretsa zala pa nyimbo yozolowera kumasangalatsa, koma sikusuntha munthu.

Yachiwiri ndi chilakolako. Mwana amene wamva Für Elise pa foni, kapena waona mnzake pa YouTube akuthamangitsa zala pa Rondo alla Turca ya Mozart, amabwera yekha kudzapempha nyimboyo. Mwana woteroyo amalawirira kutchalitchi, amadikira kwaya ithe, amajambula makiyi pakatoni kuti aziyeserera kunyumba. Mukamupatsa kanyimbo ka mizere iwiri kamene sakakonda, moto uja umazima.

Yachitatu ndi ya ulemu, ndipo ndi imene imawapweteka mtima aphunzitsi ambiri. Amafunsa kuti: n'chifukwa chiyani ana a sukulu zolipira ndalama zambiri, monga St Andrew's ku Nyambadwe kapena Kamuzu Academy ku Mtunthama, aziyembekezeka kuyimba Bach ndi Chopin, pamene wa ku Makata tizingomuombera m'manja pa makodi atatu? Kumutsitsira mwana muyeso chifukwa cha kumene akuchokera ndi chipongwe chovala nkhope ya chifundo. Madera omwewa ndiwo adatulutsa gulu la Ndirande Anglican Voices. Ku Chileka, pafupi pomwepa, kudatuluka abale a kwa Kachamba ndi Black Missionaries. Luso silidasowepo kuno.

Yachinayi ndi ya tsogolo. Wachinyamata wofuna kukaphunzira nyimbo ku University of Malawi ku Zomba, ku MUST ku Thyolo kapena ku Music Crossroads ku Lilongwe, ngakhalenso wofuna kulemba mayeso a ABRSM a ku Britain, adzapindula ngati adazolowera kulimbana ndi pepala la manotsi lovuta. Ndipo pali msampha umene oyimba limba a m'matchalitchi ambiri adakodwamo: batani la transpose. Munthu amaphunzira kuyimba mu kiyi imodzi, F kapena C, kwaya ikasintha kiyi iye amangodina batani. Amatha zaka khumi akuyimba pa maukwati ndi pa maliro, anthu n'kumamutama, koma dzanja lake lamanzere silidziwa china choposa kugwira kodi kuti makina aziomba ng'oma. Nyimbo yovuta ya pa chionetsero ndiyo imamukakamiza mwana kutuluka mu msampha umenewu asanazolowere. Akulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Zimene odekha amanena

Enawo sakana kuti mwana ayenera kulimbana ndi zovuta. Amangoti malo olimbanira ndi m'kalasi, osati pamaso pa khamu. Pachionetsero manja amachita thukuta, mtima umagunda, mwendo umanjenjemera. Chimene mwana amachikhoza mwa apo ndi apo ali yekha, pagulu chimagwa. Ndipo khamu la kwathu si la alendo amene mawa sadzakuonanso. Muli azakhali, anzake a m'kalasi, anyamata a pa siteji ya minibasi amene adzamupatsa dzina lachipongwe lokhala nalo chaka chonse. Ana ena akagwa motero amadzuka. Ena, makamaka a msinkhu wa manyazi wa zaka 13 kapena 14, sabwereranso pa limba.

Mfundo yawo yachiwiri ndi ya chida, ndipo imeneyi siitsutsika. Tengani gawo loyamba la sonata ya Beethoven ya mu 1801 imene anthu amaitcha Moonlight. Imamveka yofatsa, ndipo ana ambiri amaifuna. Koma pa kiyibodi ya makiyi 61, imene imayambira pa C wapansi, dzanja lamanzere limasowa noti yake nyimbo itangoyamba kumene, chifukwa Beethoven amatsika kupitirira malire a chidacho. Komanso kukoma konse kwa gawoli kwagona pa chopondera ndi pa luso lokweza mawu a chala chimodzi pamene zinzake zikunong'ona. Kiyibodi imene imalira chimodzimodzi ngakhale uigunde bwanji singaphunzitse zimenezo. Für Elise nayonso, imene idalembedwa cha mu 1810 ndi kusindikizidwa mu 1867, ili ndi chiyambi chophweka chimene chimanyenga anthu. Pakati pake pali zigawo ziwiri zovuta, ndipo china chimakwera kupyola kiyi yomaliza ya kiyibodi yaing'ono. N'chifukwa chake pa zionetsero zambiri timamva theka la nyimboyi likubwerezedwa kawiri, mwana n'kuimirira.

Yachitatu ndi ya kaphunziridwe. Nyimbo ikamukulira mwana, sawerenganso manotsi. Amatsegula kanema wa pa intaneti woonetsa timizere togwera pa makiyi, n'kumaloweza zala: ichi apa, ichi apo. Amatha miyezi isanu pa nyimbo imodzi, ndipo pamapeto pake amaidziwa ngati unyolo, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Unyolowo ukaduka pakati, sangathe kulumikiza. Amabwerera koyambirira, n'kukagweranso pomwepo. M'miyezi isanu imeneyo akadaphunzira nyimbo zazifupi khumi, iliyonse yomuonjezera kanthu. Palinso za thupi: dzanja laling'ono lokakamizidwa kutambasuka ndi kuthamanga lisanakhwime limauma pamkono ndi paphewa, ndipo chizolowezi chimenechi chimavuta kuchichotsa.

Yachinayi ndi funso lobaya: nyimbo yovutayo akuifuna ndani? Nthawi zina ndi mphunzitsi, amene akudziwa kuti kanema wa mwana wothamangitsa zala akazungulira pa WhatsApp ndi pa Facebook, makolo ena abweretsa ana awo. Nthawi zina ndi kholo: "Aphunzitsi, chaka chonsechi tikulipira, mwanayu atiyimbire ija ya azungu ija." Mwana amasanduka chikwangwani cha malonda, ndipo akalephera manyazi amasenza yekha.

Kuvuta kuli mitundumitundu

Mbali zonse ziwiri zimaphonya pamodzi pamene zikuyesa kuvuta ndi liwiro la zala. Nyimbo ikhoza kuvuta chifukwa ndi yothamanga, kapena chifukwa manja awiri akuchita zosiyana, kapena chifukwa cha kayendedwe ka ng'oma kopingasa, kapena chifukwa imafuna kufatsa ndi kumvetsera. Mwana aliyense ali ndi kumene ali wolimba ndi kumene ali wofooka, ndipo ana a m'madera athu ali ndi mphamvu zimene mabuku a kunja sawerengera.

Chitsanzo ndi kuomba katatu dzanja lina likuomba kawiri. Ana a ku Ulaya amalira nazo zimenezi, ndipo Fantaisie-Impromptu ya Chopin imaopedwa mwa zina chifukwa dzanja lamanja limayenda kanayi pamene lamanzere likuyenda katatu. Mwana amene wakula akumva ng'oma za manganje, tchopa kapena gule wamkulu, kupingasa kotereku kuli kale m'thupi mwake. Chimene chimamusowa ndi kukuzindikira papepala ndi kukutsitsira ku zala. Olemba nyimbo a mu Africa adaona mwayi umenewu kalekale. Akin Euba wa ku Nigeria adalimbikitsa kalembedwe kamene piyano imayankhula ngati ng'oma ndi mangolongondo. J. H. Kwabena Nketia wa ku Ghana adalemba nyimbo 12 zophunzitsira m'kalembedwe kameneka, ndipo William Chapman Nyaho adasonkhanitsa nyimbo za piyano za anthu a mu Africa ndi zidzukulu zawo za kutsidya kwa nyanja m'mabuku asanu a Oxford University Press, osanjidwa kuyambira zophweka mpaka zovuta. Nyimbo zoterezi n'zovuta ndithu, koma kuvuta kwake kumakumana ndi mphamvu imene mwana ali nayo, ndipo omvera a mu holo ya mpingo amazimva kuti n'zawo.

Kumbali ya kufooka, vuto lalikulu ndi dzanja lamanzere ndi kuwerenga. Apa mankhwala ake ndi Bach, ndipo mwamwayi nyimbo zake zophunzitsira zimakwana pa kiyibodi yaing'ono. Adazilembera zida za makiyi ochepa, zopanda chopondera chotalikitsa mawu. Nyimbo zake 15 za mawu awiri za mu 1723, mmene dzanja lililonse limayimba nyimbo yakeyake ngati soprano ndi besi, zimamuumba woyimba kuposa nyimbo zambiri zaphokoso. Kwa oyamba kuli Minuet mu G ya m'buku la Anna Magdalena la mu 1725, imene tsopano ikudziwika kuti adalemba ndi Christian Petzold. Kuli masonatina a Clementi a mu 1797, tinyimbo 25 ta Burgmüller, ndi Album for the Young ya Schumann ya mu 1848. Zonsezi zidatuluka kale m'malamulo a umwini, ndipo zimapezeka mwaulere pa intaneti pa malo otchedwa IMSLP. Chofunika ndi bandulo ndi ndalama yosindikizira.

Pali kuvuta kwina kumene timakupeputsa chifukwa timakuona sabata iliyonse. Tengani nyimbo ya m'buku la Nyimbo za Mulungu, kapena nyimbo ya fuko imene Michael Sauka adapeka, mumuuze mwana aiyimbe ndi mawu onse anayi monga adalembedwera, mopanda makina a ng'oma, mopanda batani la transpose, mu kiyi ya makiyi akuda angapo. Oyimba ambiri odziwika m'mipingo angatuluke thukuta. Mwana wokhoza zimenezi ali ndi luso limene mpingo wake udzaligwiritsa ntchito Lamulungu lotsatira, ndipo agogo okhala kutsogolo adzadziwa okha ngati wakhoza, chifukwa nyimboyo amaidziwa. Ukunso n'kulimba mtima: kuyimba nyimbo imene omvera angakugwire ukaphonya.

Muyeso wake ukhale wotani?

Nyimbo ili ngati mtolo wa nkhuni: umayesedwa ndi khosi la wosenza ndi kutalika kwa ulendo, osati ndi maso a oonerera. Mphunzitsi wanzeru amafunsa mafunso ochepa asanasankhe.

Loyamba: kodi nyimboyi ikukwana pa chida chimene mwana amayesererapo, ndi chimene adzayimbirepo tsikulo? Ngati chionetsero chidzachitikira pa piyano ya makiyi olemera pamene mwana wazolowera kiyibodi yofewa, ayenera kupeza mpata woigwira piyanoyo kangapo tsikulo lisanafike. Zala zozolowera zofewa zimatopa msanga pa zolemera.

Lachiwiri: kodi muli zinthu zatsopano zingati? Chimodzi kapena ziwiri, mwana amakula nazo. Ngati kiyi ndi yachilendo, liwiro ndi lachilendo, kayendedwe ka dzanja lamanzere n'kachilendo, kutalika kwakenso n'kwachilendo, nyimboyo ndi ya chaka chamawa.

Lachitatu: kodi mwana angathe kuwerenga yekha tsamba loyamba pang'onopang'ono, dzanja limodzilimodzi, popanda kanema? Akalephera, ndiye kuti adzangoloweza zala.

Lachinayi ndi la nthawi. Nthawi iwerengedwe m'maola amene mwana adzakhaladi pa limba, osati m'masabata a pa kalendala, ndipo pachotsedwe masiku a mayeso a kusukulu, a maliro ndi a kuthima kwa magetsi. Kutatsala mwezi wathunthu, nyimbo ikhale itatha. Mwezi womalizawo ndi woizoloweza anthu: ayimbe pamaso pa kwaya ikamaliza pulakatisi, pamaso pa ana a Sande sukulu, pamaso pa foni yojambula. Mphunzitsi aziloza malo alionse papepala n'kunena kuti, "Yambira apa." Mwana wotha kuyambira pena paliponse ndiye amene akaphonya pagulu adzapitirira. Ngati mwezi uja wakwana nyimbo ikadali yotsimphina, ibwerere m'kalasi ndipo ina yosungidwa itenge malo ake. Mgwirizano umenewu upangidwe poyambirira, makolo ali pomwepo, kuti kusintha kusadzaoneke ngati chilango.

Pali nzeru yoti titapeko ku mayeso a ABRSM, bungwe limene lidayamba mu 1889. Pa mayeso ake a magiredi 1 mpaka 8, wophunzira sabwera ndi nyimbo imodzi yodzionetsera. Amayimba zitatu zosiyana mitundu, iliyonse ya mamalikisi 30, ndipo mamalikisi 60 otsala pa 150 amachokera ku masikelo, kuwerenga nyimbo imene sanaionepo ndi kumva kwa khutu. Kuyambira mu 2020 kulinso mayeso ojambula pa kanema a nyimbo zinayi, mmene kayimbidwe ka zonse pamodzi kamawerengedwa. Si onse angakwanitse kulipira mayesowa, poti mtengo wake umatsatira ndalama zakunja, koma maganizo ake ndi aulere: woyimba amayesedwa ndi zambiri, osati ndi phiri limodzi.

Choncho m'malo mwa nyimbo imodzi yaitali yoopsa, mwana apatsidwe zazifupi ziwiri kapena zitatu. Yoyamba ikhale imene ali nayo m'manja, yokhazika mtima pansi. Yachiwiri ikhale yomutambasula, yogunda pamene ali wofooka. Yachitatu ikhale yakwathu, kapena yoyimba awiri pa limba limodzi, monga mmene oyimba mangolongondo amakhalira mbali ziwiri za chida n'kumalukana mawu. Kuyimba awiri kumathandizanso pamene chida chili chimodzi ana ali ambiri, ndipo wamantha amalimba mtima mnzake akakhala pambali.

Tigamule bwanji?

Ofuna zovuta akulondola pa chachikulu: mwana wa ku Bangwe kapena ku Nthukwa asapatsidwe muyeso wotsika chifukwa cha kumene amagona, ndipo mphunzitsi amene samupatsa konse chomutulutsa thukuta akumubera. Odekha akulondola pa malo ndi nthawi: chionetsero si poyesera mwayi, ndipo nyimbo yotchuka yoyimbidwa mwatheka pa chida chosayenera siphunzitsa mwana kapena omvera chilichonse. Nyimbo yaikulu imene mwana akuilakalaka isakanidwe. Ikhale ya m'kalasi, aziidya pang'onopang'ono, tsamba limodzi teremu ino, lina teremu yamawa, kufikira chaka chimene idzakhale ya msinkhu wake. Kuthamanga sikufika.

Udindo wina uli ndi omvera ndi eni zida. Makolo aphunzire kuombera m'manja nyimbo yofatsa yoyimbidwa bwino, asamangodikira yothamanga. Akulu a mipingo, amene ndiwo akusunga malimba ambiri m'madera athu, akhoza kusintha zambiri popanda kutulutsa ndalama: kungoika maola okhazikika pa sabata oti ana aziyeserera, pali wamkulu wowayang'anira. Mpingo ukafuna kugula chida chatsopano, uganizire cha makiyi 88 olemera ndi chopondera chake, ngakhale chogwiritsidwapo kale ntchito, m'malo mwa chodzaza ndi mabatani a ng'oma. Malinga ngati mwana akuigwira kiyibodi mwa mwayi, mkangano wa nyimbo yovuta ndi yophweka udzapitirira kugamulidwa ndi kabati yokiyidwa, osati ndi luso lake kapena nzeru za mphunzitsi wake.